Kuwedza ndi nyambo zopanga ku nyanja yamchere: mafunso ndi mayankho kwa a ku Zomba okonzekera tchuthi cha kugombe

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa kuno ku Zomba, ena ndi anzanga a kuntchito, ena ndi achibale, ena ndi anyamata amene amandipeza ndikuyeserera kuponya chingwe pabwalo la mpira Loweruka madzulo. Ambiri mwa ofunsawa mbedza amaidziwa kale chifukwa anakulira m'mbali mwa Likangala, ku Domasi kapena ku Kachulu, koma nyanja yamchere sanaipondepo, ndipo akufuna kuti ulendo wawo woyamba wa kugombe la Mozambique usathere pa kusambira ndi kujambulitsa zithunzi kokha.

Kodi nyambo yopanga ndi chiyani, ndipo nsomba ingameze bwanji chinthu chosadyedwa?

Nyambo yopanga ndi kachitsulo, kathabwa kapena kapulasitiki kofanizira kansomba kakang'ono, kokhala ndi mbedza kumchira kapena kumimba. Sinunkhira ngati nyongolotsi ndipo siikoma ngati nsima yofinya pambedza, moti mukaiponya n'kuisiya pansi pa madzi ikhoza kugona pamenepo tsiku lonse popanda nsomba yoiyang'ana. Moyo wake uli m'dzanja la woiponyayo. Nsomba zimene zimagwidwa ndi nyambo zotere ndi zolusa, zodya zinzake, ndipo zimasaka ndi maso komanso ndi mzere wa m'mbali mwa thupi lawo umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Kanthu konyezimira kothawa mopepesuka ngati kovulala kamazichititsa kulumpha zisanaganize kawiri. Amene anaonapo ncheni ikubalalitsa usipa ku nyanja ya Malawi akudziwa kale khalidwe limeneli.

Nzeruyi si yachilendo kwenikweni kwathu kuno, pakuti pa phiri la Zomba pali mwambo wakale wowedza nsomba zotchedwa trout mu Mulunguzi ndi tinyambo ta nthenga tofanizira tizilombo touluka. Ndipo nyambo zotchuka za Rapala zinayamba ndi msodzi wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, amene mu 1936 anasema kansomba kake koyamba ndi mpeni n'kukakuta ndi pepala lonyezimira, ataona kuti nsomba zazikulu zimasankha kansomba kosambira motsimphina pakati pa tinzake.

Ine ndawedza ku Chilwa kuyambira ubwana wanga. Chatsopano n'chiyani chimene ndingaphunzire?

Chatsopano chilipo, bambo, ndipo n'chachikulu. Ku Chilwa madzi ndi osaya ndiponso amatope, mlamba umasaka ndi ndevu zake ndi fungo, choncho msodzi wabwino ndi amene amadziwa kuika nyambo pamalo n'kudekha. Ku nyanja yamchere, ngati mwasankha nyambo zopanga, kudekha kwa munthu wokhala pansi sikupindula. Mumayenda, mumaponya, mumakulunga chingwe, mumasuntha masitepe makumi awiri n'kuponyanso, ndipo m'mawa umodzi mkono ukhoza kuponya kopitirira 100. Nsomba sizikupezani pamene mwakhala. Inuyo ndi amene mumazilondola.

Komabe zimene munaphunzira kwanu musazitaye. Diso lozindikira pamene madzi asintha mtundu, pamene mbalame zikuzungulira n'kumadumphira pansi, pamene tinsomba tikuthawira pamwamba ngati mvula yowaza, ndi diso lomwelo limene limagwira ntchito ku Nacala. Ndaonapo anthu obwera ndi zipangizo zodula akubwerera chimanjamanja chifukwa ankaponya paliponse, pamene mnyamata wa m'mudzi wa pafupi, wokhala ndi chingwe chokulunga pachigubu, ankakoka nsomba pambali pawo pomwepo.

Anthu amati nyanja imachoka n'kubweranso. Zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kuwedza?

Funso ili ndi limene ndimafuna munthu aliyense alimvetse asanagule ngakhale mbedza imodzi. Nyanja ya Chilwa imakwera ndi kutsika potsata mvula, ndipo m'zaka za chilala monga 1968 ndi 1995 inaphwa mpaka anthu kuyenda pansi m'malo modutsa mabwato. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwera kawiri tsiku lililonse, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi mothandizana ndi ya dzuwa. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kotsatira pamapita maola 12 ndi mphindi 25, kutanthauza kuti ngati lero madzi adzaza 5 koloko m'mawa, mawa adzaza mochedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa usiku n'kuda bii, kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwera kumakula kwambiri. Ku Beira kumapitirira mamita 6. Mwezi ukakhala theka madzi amayenda mwaulesi. Kumalo athyathyathya monga Vilankulo, nyanja ikaphwera imasiya mchenga wautali mpaka mabwato kugona chammbali kutali ndi madzi.

Nsomba zolusa zimadya madzi akamayenda. Akamadzaza amakankhira tinsomba ndi nkhanu m'makhwawa a pakati pa miyala ndi m'mathiriro a mitsinje, ndipo zazikulu zimabwera pambuyo pake kudzasaka. Akamaphwera, tonse timene tinalowa timakakamizika kutulukira pampata umodzi, pamene zazikuluzo zimadikirira. Madzi akaima, kaya atadzaza kapena ataphwera, nthawi zambiri kumakhala zii. Ine ndimakonda maola awiri omaliza a kudzaza ndi ola loyamba la kuphwera, makamaka nthawi imeneyi ikakumana ndi mbandakucha kapena chisisira. Ndandanda wa nthawizi umapezeka pa intaneti ndipo ndi wosiyana doko ndi doko, choncho muulembe papepala musananyamuke ku Zomba, kuopa kuti netiweki ingakutayeni kugombe.

Pali chinthu chimene chinandichitikira chimene sindichiiwala. Pa ulendo wanga wachiwiri, chakufupi ndi Nacala, ndinawoloka kakhwawa madzi ali m'kakolo kupita pa thanthwe lina limene linali patsogolo pang'ono. Nsomba zinkadya, ndipo maso anga onse anali kutsogolo. Nditacheuka patapita maola awiri, kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje wothamanga, wofika m'chifuwa, ndipo thanthwe limene ndinaimapo linkacheperachepera. Anandipulumutsa ndi msodzi wina wachikulire amene ankabwerera kumtunda ndi bwato lake. Sanandikalipire, anangoloza mzere wakuda wa ndere pamwala, pamwamba pa mutu wanga, kundionetsa pamene madzi amafika. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanakwere pa thanthwe lililonse ndimayamba ndafunafuna mzere umenewo.

Kuchokera ku Zomba, gombe lapafupi ndi liti, ndipo loyenera ndi liti?

Lapafupi ndi la Quelimane. Mumadzera ku Jali ndi Phalombe, kapena ku Limbe, kukafika ku Mulanje, n'kutulukira pa chipata cha Muloza kulowa Milange, kenako Mocuba mpaka Quelimane, ulendo wa makilomita pafupifupi 500. Mzindawo uli m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, ndipo gombe la Zalala lili kunja kwake pang'ono. Koma ndinene mosabisa kuti dera limeneli, chifukwa cha matope amene Zambezi ndi mitsinje ina imathira m'nyanja, madzi ake amakhala odetsedwa nthawi zambiri. Ndi dera labwino la nkhanu ndi la owedza ndi nyambo yeniyeni, koma wa nyambo zopanga amavutika chifukwa nsomba siiona msanga chimene waponya.

Kwa munthu wofuna madzi oyera, ndimalangiza za kumpoto. Mumadzera ku Liwonde ndi Mangochi, kutulukira pa Chiponde kulowa Mandimba, kenako Cuamba ndi Nampula, mpaka Nacala, kumene zimapita sitima za malasha zija timaziona zikuwoloka Shire pa Liwonde. Gombe la Nacala ndi lakuya kufupi ndi kumtunda komwe, ndipo zimenezi zimathandiza woponya ali pamwala. Chapafupi pali Chocas Mar ndi Ilha de Moçambique, chilumba cha mbiri yakale chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1991, kotero kuti a m'banja osakonda mbedza nawonso amapeza choona. Amene amalankhula Chilomwe amapezako mwayi wina, pakuti Chimakhuwa cha kumeneko n'chapachibale ndi chinenero chawo ndipo mawu ambiri amamveka.

Vilankulo, Inhassoro ndi zilumba za Bazaruto ndi kumene kuli mbiri yaikulu ya nsomba zikuluzikulu, koma n'kutali, kudzera ku Mwanza ndi Tete, ndipo n'kodula.

Nanga ku Pemba?

Chigawo cha Cabo Delgado, kumene kuli Pemba, chakhala pa nkhondo ya zigawenga kuyambira mu October 2017. Sindingalangize munthu kutengera banja lake kumeneko pa galimoto chifukwa cha nsomba.

Mwezi wabwino ndi uti, poti ambirife tchuthi chathu chimakhala cha Khirisimasi?

December ali ndi ubwino wake, chifukwa madzi amakhala ofunda ndipo nsomba zolusa zambiri zimayandikira kumtunda, koma ndi nyengo ya kutentha koopsa, udzudzu wambiri ndi namondwe. Nyengo ya anamondwe imayamba mu November mpaka April. Ife a kuchigawo chakummwera sitifunika kuuzidwa zambiri: Idai anasakaza Beira mu March 2019, namondwe Gombe anagunda chigawo cha Nampula mu March 2022, ndipo Freddy, amene anatiliza mu March 2023, analowera chakufupi ndi Quelimane komweko. Kuyambira January mpaka March ine sindipita. June ndi July kumakhala kozizira bwino, koma mphepo ya kummwera chakummawa, yomwe ija timaitcha mwera ku nyanja yathu, imawomba masiku otsatizana n'kubweza nyambo kumaso kwa woiponya. Ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga September, October kapena May.

Kodi pamafunika chilolezo chowedzera?

Inde. Malamulo a Mozambique amafuna kuti wowedza mongosangalala akhale ndi chilolezo, ngakhale akuponya ali pamchenga, ndipo chimatengedwa ku maofesi oona za usodzi. Malo ambiri ogona alendo a kugombe amadziwa kumene mungachipeze. Chikhale m'thumba nthawi zonse, mutachikulunga m'pulasitiki. Chilolezo chimenechi sichikulolani kugulitsa nsomba, ndipo pali malire a kuchuluka kwa zimene mungatenge pa tsiku. Zilumba za Bazaruto ndi malo otetezedwa kuyambira 1971 ndipo zili ndi malamulo ndi malipiro akeake. Akamba a m'nyanja ndi nyama ya m'nyanja yotchedwa dugong ndi zotetezedwa kulikonse.

Za pamalire, Mmalawi wa pasipoti safunika viza pa ulendo wa masiku osapitirira 30. Wa galimoto akumbukire kuti Mozambique sili mu COMESA, choncho inshuwalansi amagula pachipata pomwepo.

Ndigule zipangizo zotani ngati ndalama zanga n'zochepa?

Ndodo imodzi yokha ndi yokwanira, yotalika mamita 2.7 kapena 3, yotha kuponya nyambo yolemera magalamu 20 mpaka 60. Chokulungira chingwe, chimene m'masitolo amachitcha reel, chikhale cha saizi 4000 kapena 5000 ndipo chikhale chopangidwira madzi amchere. Ngati pali poti muwonjezere ndalama, ndi pa reel, chifukwa ndodo yotchipa imapirira koma reel yotchipa imafa pa nsomba yoyamba yamphamvu. Chingwe chikhale choluka, chotchedwa braid, cholimba makilogalamu 14 kapena kuyandikira pamenepo, chotalika mamita osachepera 200. Ubwino wake ndi woti n'chopyapyala, chimapita patali ndipo sichitamuka, moti kugunda kulikonse kumamveka m'dzanja. Kuipa kwake n'koti chikakhudza mwala wakuthwa chimaduka ngati ulusi, n'chifukwa chake kumapeto kwake timalumikizako mita imodzi ya nayiloni yokhuthala. Mfundo yolumikizira ziwirizi muiphunzire muli kunyumba, usiku uliwonse mpaka zala zitazolowera, chifukwa kugombe mudzaimanga kuli mphepo, manja ali onyowa.

Gulani zonse musananyamuke. M'matauni ang'onoang'ono a kugombe zinthu zoterezi n'zosowa, ndipo ambiri a ife timatuma achibale a ku Joni. Musaiwale pulayala, chipewa chachikulu, nsapato zolimba kuphazi zolowa nazo m'madzi, ndi magalasi a dzuwa ochotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, amene amakuonetsani makhwawa ndi miyala ya pansi.

Nyambo zake zilipo mitundu yambirimbiri. Ndiyambe ndi ziti?

Yambani ndi supuni, kachitsulo konyezimira kopindika pang'ono, ka magalamu 30 kapena 40. N'kotsika mtengo, kamapyoza mphepo, ndipo pafupifupi nsomba iliyonse yolusa imakafuna. Tengani tinayi kapena tisanu chifukwa miyala idzakulandani tina. Yachiwiri ndi jig, mutu wa mtovu wokhala ndi ubweya woyera kapena kathupi kofewa ka pulasitiki, imene mumailola kumira kenako n'kumaidumphitsa pang'onopang'ono chapansi. Imeneyi ndi yothandiza dzuwa likakwera nsomba zitatsikira kozama. Yachitatu ndi kansomba kokhala ndi mlomo wa pulasitiki kutsogolo, kamene kamamira n'kumagwedeza mchira mukamakulunga.

Yachinayi ndi popper, ndipo imeneyi ndi imene inandikola mtima. Imayandama, kumaso kwake n'kolowa ngati kachikho, ndipo mukaikoka mwadzidzidzi imalavula madzi n'kulira kuti phu, phu. Tsiku lina m'bandakucha, nyanja ili bata ngati mafuta, ndinaona mzere wa madzi ukutukuka kumbuyo kwa popper yanga, ukuitsatira mamita angapo, kenako madzi anaphulika ndipo ndodo inapindika mpaka pachigwiriro, reel ikulira mosalekeza. Chofunika pa nthawi ngati imeneyo ndi kusakoka ndi mantha pongoona kuphulikako. Pitirizani kukulunga mpaka mutamva kulemera, chifukwa nsomba imaphonya kawirikawiri n'kubwereranso.

Za mitundu musavutike nazo kwambiri. M'madzi oyera, yasiliva, yoyera ndi ya msana wobiriwira imakwana. M'madzi odetsedwa sankhani yowala kwambiri kapena yaphokoso.

Ndikulunge mofulumira bwanji?

Mofulumira kuposa mmene mukuganizira. Cholakwa cha ife ozolowera madzi a kumtunda ndi kukulunga mwaulemu, poopa kuti nsomba isiyidwa m'mbuyo, chonsecho nsomba za m'nyanja yamchere zimathamanga kuposa mmene dzanja la munthu lingazungulitsire reel, ndipo nyambo yoyenda pang'onopang'ono m'madzi oyera imazipatsa mpata woizindikira kuti ndi yabodza. Mukaona nsomba ikutsatira koma osaluma, onjezerani liwiro. Mukaponya kakhumi pamalo amodzi popanda chizindikiro, sinthani kuya kapena liwiro, ndipo zikakanikabe sunthani. Kabuleki ka reel, kotchedwa drag, mukamange moti chingwe chizituluka nsomba ikakoka mwamphamvu, osati mokhwimitsa mpaka kuduka.

Ndi nsomba zanji zimene ndingayembekezere?

Woponya ali kumtunda amakumana kwambiri ndi mtundu wa kingfish, umene kumeneko amautcha xaréu. Zambiri zimakhala za kilogalamu imodzi mpaka zisanu, koma yaikulu ya mtunduwu, giant trevally, imatha kupitirira makilogalamu 50, ndipo ikaluma imathamangira kumiyala kukadula chingwe. Palinso queenfish, yopyapyala ndi yokonda kudumpha m'mwamba, barracuda wa mano ngati a galu, ndi garoupa wokhala m'mapanga a miyala. Mukakwera boti n'kupita kozama pang'ono mumapeza serra, nsomba yaitali ya mizeremizere imene ndi ndiwo yapamwamba, komanso atum, imene pa Chingerezi amaitcha tuna. Kwa barracuda ndi serra ikani kawaya kafupi patsogolo pa nyambo, apo ayi mano awo adula nayiloni kamodzi n'kamodzi. Koma musaike waya nthawi zonse, chifukwa kingfish m'madzi oyera imamuona n'kubwerera.

N'zoona kuti mchere umawononga zipangizo?

N'zoona, ndipo umachita msanga. Madzulo aliwonse tsukani ndodo, reel ndi nyambo zonse ndi madzi akumwa, mowaza pang'onopang'ono osati mopopera mwamphamvu, n'kuziumitsa pamthunzi. Reel musaigoneke pamchenga ngakhale kamphindi. Nyambo yonyowa musaibwezere m'bokosi limodzi ndi zouma, chifukwa pofika ku Zomba mbedza zonse zidzakhala zitachita dzimbiri.

Zoopsa zimene munthu wa kumtunda sangazidziwe ndi ziti?

Likodzo m'madzi amchere mulibe, koma muli zina. Pamiyala ndi m'madzi osaya mumabisala stonefish, nsomba yofanana ndi mwala wa ndere yokhala ndi minga ya ululu woopsa pamsana, ndipo mumchenga mumagona stingray ya munga kumchira. Musayende opanda nsapato, ndipo mumchenga wa m'madzi muziyenda mokhwekhwereza mapazi kuti chogonacho chithawe. Wobayidwa aviike chiwalocho m'madzi otentha mmene angapiririre popanda kupsa, ndipo apite kuchipatala msanga. M'mathiriro a mitsinje ikuluikulu muli ng'ona monga mmene zilili mu Shire.

Pa zakudya, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nsomba ija imadzitukumula ngati mpira ikagwidwa ili ndi poizoni wakupha amene satha mphamvu ndi moto. Barracuda wamkulu kwambiri wa m'miyala nayenso nthawi zina amadwalitsa ngakhale ataphikidwa bwino. Nsomba iliyonse imene simukuidziwa muionetse kwa asodzi a pamalopo musanaipale.

Mbedza zenizenizo nazo n'zoopsa, makamaka zija za mano atatu, pamene nsomba ikuphiriphitha m'manja kapena pamene mwana waima kumbuyo kwa woponya. Ine ndimaphwanya ndi pulayala kamunga ka kumsonga kwa mbedza iliyonse. Nsomba zina zimapulumuka chifukwa cha zimenezi, koma mbedza ikalowa m'chala imatuluka popanda kung'amba. Ndipo musawedze nokha pamiyala, ngakhale nyanja ioneke yofatsa chotani.

Kodi ndibwereke boti la asodzi a kumeneko?

Ngati mwapeza munthu wodalirika, tsiku limodzi pa boti limaphunzitsa zambiri kuposa sabata ya pamchenga. Gwirizanani mtengo, maola ndi mwini nsomba musanakwere, ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa musalikwere, ngakhale mwini wake akulimbikitseni chotani. Kumbukiraninso kuti inu mwabwera kudzasangalala pamene iwo akusaka chakudya cha ana awo. Musaponye pamwamba pa maukonde awo, perekani moni mwaulemu monga mungachitire ndi akuluakulu a pa Kachulu, ndipo amene wakulozerani malo abwino mumuthokoze ndi kanthu kooneka.

Nsomba ndikaigwira, ndiibweze kapena ndibwere nayo kuno?

Tengani yokwanira ndiwo za tsikulo, zotsalazo mubweze. Kingfish yaikulu yatenga zaka zambiri kuti ifike pamenepo, ndi imene imaswa kwambiri, ndipo nyama yake ndi yolimba poyerekeza ndi ya yaing'ono. Poibweza igwireni ndi manja onyowa, musalowetse zala m'makha mwake, ndipo muigwirizire m'madzi mpaka itayamba kukankha yokha.

Zobwera nayo ku Zomba sindizilimbikitsa, chifukwa ulendo wa tsiku lathunthu kapena masiku awiri m'galimoto yotentha ndi wautali kwa nsomba yaiwisi. Serra ndi atum makamaka zikatenthedwa zimapanga poizoni woyabwitsa thupi ndi kupweteketsa mutu, amene sachoka pophika. Imene mwasankha kudya muiphe nthawi yomweyo, muikhetse magazi, muitumbule n'kuiika pa ayezi. Serra amakoma kumudula mapisi okhuthala ngati chala chachikulu, kuthira mchere, ndimu ndi tsabola wa piripiri, n'kuwotcha pamakala mbali iliyonse mphindi zochepa. Nsima kumeneko iliko, amaitcha xima, koma ife timanyamulabe kathumba ka ufa woyera wa kunyumba ndi mthiko wathu.